Mawu a Nambewe

Novembala akalowa mvula isanagwe, dzuwa la ku Katete limaswa mtengo. Nyenje zimalira kuyambira m'mawa, mapiri a Mphangwe amabisala mu utsi wa lupsa, mizere imakhala itaungidwa kale m'minda, youma, yodikira. Nyengo imeneyi imafuna chinthu chimodzi kwa mlimi: asalakwitse tsiku. Akabzala ndi mvula yonamiza, mbewu imapsera m'dothi. Akachedwa, anzake amapalira iye akubzala. Ndipo mbewu ya m'thumba ndi yomweyo, ina yobwereza palibe.

Kwa Fanwell Daka nyengoyi inkafuna zina. Ankayenda pa njinga yamoto m'masukulu ndi m'matchalitchi makumi awiri ndi atatu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, kukachotsa akangaude ndi mavu m'zoyezera mvula zimene anapanga yekha ndi mapaipi ndi mabotolo. Pamalo paliponse panali munthu, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo, amene mvula ikagwa ankawerenga mlingo wake n'kumutumizira pa foni. Fanwell ankaphatikiza zimenezo ndi zolosera za akatswiri a zanyengo, n'kuziika m'kakompyuta ka m'kantemba kake pa msika wa Katete. Dzuwa likangotuluka, foni za alimi mazana asanu ndi limodzi zinkalira, ndipo mayi wa mawu odekha ankalankhula:

"Moni alimi a ku Mkaika. Lero Lachiwiri. Mvula, kulibe. Mbewu, sungani."

Alimi ankangoti ndi Anambewe. Pa mjigo, pa chigayo, funso linali lomwelo: "Anambewe ati chiyani lero?" Mayiyo anali Gertrude Mbewe, mkazi wa Fanwell. Anali atagona m'manda chaka chimodzi ndi miyezi isanu.

Fanwell anabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika. Bambo ake ankakonza mawailesi pakhonde, ndipo mwanayo anakula akununkhiza waya wopsa. Anaphunzira zamagetsi ku Chipata, n'kubwerera ku Katete kudzakonza mafoni. Anali munthu wosalankhulalankhula. Gertrude, mphunzitsi wa ana aang'ono wochokera ku Vubwi, anamudziwa tsiku limene anabwera ndi foni yogwera m'ndowa.

"Yabatizidwa," anatero Gertrude poiika patebulo. "Koma chibatizidwireni yasiya kulankhula. Kodi ndi mmene zimakhalira ku mpingo kwanu?"

Foniyo sinachire. Iwo anakwatirana chaka chotsatira, ndipo anabereka mwana mmodzi, Ethel.

Za mvulazi zinayamba chifukwa cha amalume ake a Fanwell, amene anabzala chimanga chonse ndi mvula ya tsiku limodzi, dzuwa n'kuwala masabata atatu. Poyamba Fanwell ankatumiza uthenga wolemba, koma alimi ambiri ankadikira mwana abwere kusukulu kuti awawerengere, tsiku litapita kale. Gertrude ndiye anati, "Anthuwa auzeni pakamwa." Motero m'mwezi wotentha wa Okutobala anadzifunda bulangete kumutu kuti phokoso la panja lisalowe, foni ili pakamwa, thukuta lili kamukamu, n'kumatchula mawu limodzilimodzi. Masiku a sabata. Maina a midzi: Kafumbwe, Nyanje, Zozwe. Mvula. Yochepa. Yamphamvu. Bzalani. Dikirani. Tizidutswa tonse tinakwana mazana awiri ndi khumi ndi tinayi, ndipo kakompyuta kaja kankatilumikiza m'mawa uliwonse kukhala uthenga wa tsikulo. Pa liwu loti "Lachisanu" tambala analira kuseri kwa nyumba. Gertrude anakana kubwereza. Anati kunja kwa bulangeteko kuli mpweya, ndipo tambalayo nayenso ndi mlimi.

Gertrude anadwala chibayo m'chisanu cha Juni. Masiku anayi okha. Tsiku lachinayi, ali m'chipatala, anatuma Fanwell kunyumba kukatenga juzi, ndipo pobwera anapeza anamwino atatseka kale nsalu. Anakamuika kwawo ku Vubwi. Ethel anatsala komweko ndi agogo ake, monga mwa mwambo wa mbumba. Achibale atakhala pansi kugawa katundu wa malemu, zonse zinatchulidwa poyera: zitenje, mapoto, Baibulo, bulauzi yoyera ya Chigwirizano. Za mawu palibe anafunsa, ndipo Fanwell sananene. Mitambo itayamba kusonkhana chaka chimenecho, anayatsa kakompyuta kaja osauza munthu. Gertrude anayamba kulengeza masiku amene sanawaone. Lachisanu lililonse tambala amene anadyedwa pa maliro omwewo ankalira m'matumba a anthu kuchokera ku Sinda mpaka kumalire.

M'chaka chomwecho wailesi inalengeza kuti boma likufuna kukweza makampani a m'dziko muno a zamafoni ndi makompyuta, ndiponso likufuna kampani yoti izitumiza uthenga wa nyengo kwa alimi a chigawo chonse cha kum'mawa. Fanwell anasita shati, nakwera basi ya ku Lusaka. Mu holo ya hotela ina anamva mawu okoma ambiri, ndipo anawomba nawo m'manja. Kenaka anam'patsa fomu. Fomuyo inkafunsa kuti kampani yake yagwirapo ntchito m'mayiko angati, ili ndi antchito angati, ofesi yake ya ku Lusaka ili mumsewu uti. Pa mayiko analemba kuti limodzi. Anakumbukira alimi asanu a tsidya la malire ku Mozambique amene ankamvera pa foni za abale awo, koma anachita manyazi kuwawerengera. Malo olembapo zoyezera mvula makumi awiri ndi zitatu panalibe. Anabwerako ndi sikipa yolembedwa Chingerezi kumsana.

Ntchito inapita kwa kampani yaikulu ya kunja. Inapatsidwa manambala a alimi onse a m'makopaletivu, ndipo uthenga wake unali waulere. Unali uthenga umodzi wa chigawo chonse, wonenedwa ndi makina m'Chinyanja chopanda kwawo. Alimi ena anamusiya Fanwell, pakuti kwa iye ankaperekako kangachepe pa nyengo. Otsalawo ankati, "Uyu watsopanoyu amanena za kumwamba. Anambewe amanena za kumunda kwathu."

Novembala wachiwiri uja, Lachitatu masana, galimoto loyera linaima pafupi ndi kantemba. Munatuluka bambo wa nsapato zosadziwa fumbi. Anati dzina lake ndi Maxwell, wa ku kampani yaikulu ija.

"Ndimwe ba Daka? Bosi, nakusakilani maningi."

"Mwandipeza. Foni yavuta chiyani?"

"Foni ili bwino chabe. Tavuta ndife." Maxwell anaseka, nakhala pa benchi osadikira kuuzidwa. "Alimi anu satimvera. Tikatuma uthenga akuti tiyembekeze Anambewe. Manje boma lakamba kuti tifunika kugwira ntchito na kampani ya kuno. Ise tasankha imwe. Ofesi, galimoto, zoyezera zanu zifike mpaka ku Lundazi na ku Petauke. Alimi onse a chigawo, bosi, osati tumahandiredi utu."

Fanwell anali ndi chitsulo chowotcherera waya m'manja. Zoyezera mpaka ku Lundazi! Ndi zimene ankalota m'basi ya ku Lusaka.

"Nanga inu mufuna chiyani kwa ine?"

"Mawu a madamu."

Maxwell anafotokoza kuti makina awo akamva mawu a munthu mokwanira amawaphunzira, ndipo amatha kulankhula chilichonse ndi mawu omwewo, osati tizidutswa tolumikiza ayi. Anati anatengako mauthenga angapo pa foni ya mlimi wina, kungoyesa chabe. Anatulutsa foni yake, nadina.

"Moni a Fanwell. Mwaswera bwanji? Ndakondwa kugwiranso ntchito ndi inu."

Anali iye. Kupuma kwake pakati pa mawu, kukoka kwake kwa ku Vubwi, zonse. Mawuwo sanadukeduke monga a m'mawa uliwonse, anayenda ngati munthu waima pakhomo. Koma Gertrude sanamutchulepo Fanwell ndi dzina chikwatiranireni. Ankati bambo a Ethel, ndipo akakwiya ankati a Daka. Amene analankhula m'fonimo anali ndi pakamwa pa Gertrude, koma sankamudziwa mwamuna wake.

Fungo la thabwa lopsa linadzaza kantemba. Chitsulo chija chinali chitagona patebulo.

"Zimitsani."

"Pepani, bosi. Ninaganiza kuti muzakondwa." Maxwell anaoneka wamanyazi ndithu. Anasiya pepala loti asaine mwamuna wa malemu ndi mbale mmodzi wa kuchikazi. Anati adikira mpaka Lachisanu la sabata yamawa. Kupitirira apo adzatenga kampani ina ya ku Chipata, ndipo akadzapeza mayi wina wa mawu abwino, alimi adzazolowera.

Fanwell anadziwa kuti zimenezo n'zoona. Chaulere chikadzalankhula bwino, kantemba kake kadzatsala ndi mafoni ogwera m'madzi basi. Koma chimene chinamuzunza masiku otsatirawo si galimoto kapena ofesi. Ankayenda pamsika, n'kupezeka kuti akusanja m'mutu mawu oti akanawapatsa makinawo kuti amuuze ndi pakamwa pa Gertrude. Juzi ija ndinaiona. Simunachedwe. Ankaima pakati pa ogulitsa tomato, n'kudzifunsa kuti wayamba misala kapena.

Lolemba anapinda pepala lija, naliika m'thumba la shati, n'kuyamba ulendo wa ku Vubwi kudzera ku Chadiza. Fumbi linali lofiira, mitengo itaphuka masamba anthete. Cha kumalire a Mozambique mitambo inali itaunjikana, yakuda kunsi, koma mphepo inkaikankhira kwina. Anatsuka choyezera cha ku Zozwe, kenaka anakhotera kwa apongozi ake.

Anapeza Kalisto, mlongo wake wamkulu wa Gertrude, akukhomerera khasu mumpini pansi pa mtengo wa mango. Amayi awo, Anankhoma, anali pamphasa chapatali, akuswa mtedza wa mbewu m'lichero. Fanwell ananjuta potero, nawomba m'manja. Iwo anayankha moni nkhope ili kumbali, monga achitira apongozi.

"Alamu," anatero Kalisto, "mwabwera ndi mvula kapena ndi nkhani?"

"Ndi nkhani."

"Ndinadziwa. Mvula sibwera itavala shati yosita."

Fanwell anafotokoza zonse, za boma, za kampani, za makina ophunzira mawu. Za moni uja sananene. Kalisto anamvetsera khasu lili pamaondo.

"Ndiye kuti mlongo wanga adzayamba kulankhula zimene sanalankhulepo?"

"Inde."

"Kwa anthu a ku Lundazi, oti sanamuonepo n'kumaso komwe?"

"Zidzawathandiza, alamu. Pano akulandira uthenga umodzi kuyambira ku Nyimba mpaka ku Chama, ngati kuti mvula imagwa ndi lamulo. Ndipo ine ndikakana, ntchito yanga yonse yathera pomwepa."

Kalisto anaika khasu pansi.

"Mu Julaye tinakhala pansi pa mango omwe ano. Tinaika chiliza. Abusa anapemphera. Akuluakulu anakusudzulani, anati pitani a Daka, mwalira mokwanira, ndinu mfulu. Munavomera, munawomba m'manja. Ife tinakumasulani inu. Nanga inu, iye uja munamumasula? Munthu anagona, koma m'mawa uliwonse mukumudzutsa kuti akagwire ntchito. Chaka chatha tinati ndi chisoni, tiwaleke. Sabata yatha foni yaliranso. Lero mwabwera kuti timubwereke kwa alendo."

Fanwell anayang'ana pansi. Nyerere zinali kukoka khoko la mtedza.

"Kalisto, usawakalipire." Anali Anankhoma. Sanatembenuke, ankalankhula ngati akuuza lichero. "Ine ndimamvera. Foni yako ikalira ndimasiya tsache n'kuthamanga, iwe umandiona. Akati moni alimi, ine ndimati zikomo mwanawe. Lachisanu ndimamvanso tambala uja, ndinawapatsa ndine ali kamwanapiye."

Anaswa mtedza wina, nautaya chifukwa unali wofota.

"Koma kumanda sindinapondeko chiikireni chiliza. Ndimati ndinyamuke, miyendo imakana. Ndikalire ndani kumeneko, poti m'mawa anali pompano kundiuza za mvula? Ndiye sindilira, sindileka. Ine ndi wamkulu, ndipirira. Koma Ethel akuti amama ali kuntchito ku Katete, adzabwera mvula ikatha. Dzinja lapitali mvula inatha. Mwana anakhala pamsewu paja sabata yathunthu, kuyang'ana njinga iliyonse."

Kutali kunagunda bingu, kamodzi, mopanda mphamvu. Fanwell ankalimva pepala lija pachifuwa, lonyowa ndi thukuta. Zimenezi palibe anali atamuuzapo. Kapena anamuuza, iye makutu ali ku mitambo.

Anapisa dzanja m'thumba la buluku, natulutsa kachikwama. M'kati, mokulunga m'kapepala, munali kakhadi ka memole kochepa ngati chikhadabo, momwe munali mawu onse monga anawajambulira tsiku la bulangete lija. Ankayenda nako kulikonse. Anakapereka kwa Kalisto ndi manja awiri.

"Apatseni amayi. Katundu uyu anatsala pogawa paja. Ndinamubisa ndine. Za m'kompyuta ndikafufuta ndikafika."

Kalisto anakayang'ana kakhadiko nthawi yaitali, kenaka anakakaika m'mphepete mwa lichero. Anankhoma anapukuta manja, nakamanga pa mfundo ya chitenje, pamene amamangapo ndalama ya chopereka.

"Nanga alimi aziwauza ndani?" anafunsa Kalisto.

"Ine."

"Ndi mawu anuwo? Alamu, inu mukati moni nkhuku zimabalalika. Anthu adzayesa chigayo chayamba."

"Azolowera. Kapena sazolowera."

Anankhoma anatulutsa kaphokoso kamodzi m'mphuno, kosadziwika ngati n'kuseka.

Fanwell anadikira mpaka Ethel atabwera kusukulu. Anali atatalika, mano awiri akutsogolo atachoka. Anamukweza pa chishalo cha njinga yamoto, iye nanjuta kuti maso awo alingane.

"Mawa foni ya amalume ikalira, ndilankhula ndine."

"Amama atopa?"

"Amama anamwalira, Ethel. Ali paja tinaika mwala paja. Aja umamva aja ndi mawu amene anasiya kalekale, uli wakhanda. Sali ku Katete. Kunyumba ndili ndekha."

Mwanayo sanalire. Anayamba kutokosa ndi chala pamene chishalo chinang'ambika, n'kumatulutsa thonje pang'onopang'ono. Fanwell anamuleka. Atatulutsa lokwana dzanja, anatsika yekha, napita kukakhala pamphasa, msana atatsamira agogo ake.

Pobwerera mvula inamupeza atadutsa Chadiza, madontho akuluakulu oboola fumbi, fungo la dothi likukwera. Anabisala pakhonde la sitolo, ndipo pomwepo anaimbira foni Maxwell, namuuza kuti pepala lija sasaina.

"Mwaganiza bwino, bosi? Tizapita ku Chipata."

"Pitani. Koma chija munandimvetsa chija, mukachifufute."

Maxwell anatsitsa mawu.

"Nizakamba nawo. Sinili na mphamvu pa zonse, ba Daka. Koma nizakamba."

Fanwell anaimirira pakhondepo foni ili m'manja, akuganiza kuti kwinakwake, m'nyumba yozizira ya dziko limene sadzafikako, muli chinthu chodziwa kupuma ngati Gertrude. Mvula itachepa anapitiriza ulendo. Atafika anapita molunjika ku kantemba, nafufuta tizidutswa tonse tija, kuyambira Lolemba mpaka dzina la mudzi womaliza.

Kutacha analawira msika usanadzuke. Pansi panali ponyowa, inswa zitataya mapiko pakhomo. Pa foni panali milingo ya usiku: ku Nyanje ndi ku Kafumbwe mvula inagwa yokwana kulowa chikhatho m'dothi, ku Mkaika chimodzimodzi, ku Zozwe inangowaza. Anatseka chitseko, nakhala pa benchi, foni pakamwa. Ulendo woyamba mawu anakana kutuluka. Wachiwiri anathamanga ngati wothawa galu. Anamwa madzi, nayambanso.

"Moni alimi. Ndine Fanwell Daka wa ku Katete, mwamuna wa Anambewe. Anambewe anatisiya chaka chatha, ndipo tsopano apuma. Kuyambira lero muzimva ine. Lero Lachiwiri. A ku Nyanje, a ku Kafumbwe, a ku Mkaika, mvula yalowa, ndipo ina ikubwera mawa. Bzalani. A ku Zozwe ndi Vubwi yense, yanu sinakwane. Mbewu sungani kaye."

Anaumvetsera kamodzi mpaka kumapeto. Anauika m'kakompyuta, nadina, n'kukhala akuyang'ana manambala akutsika limodzilimodzi mpaka foni yomaliza, ya mlimi wa ku Sinda, italandira.